Kapeti Yoikiza kwa a Nduna

Alamu anga a Zelipa, akazi a achimwene anga a Overtone, pali zinthu ziwiri zimene sanaphunzire kukana chibadwire: ntchito ndi mphatso. Ntchito inangowapweteka msana. Imene inawagwetsa m'mavuto ku Canada kuno ndi mphatso.

Kwawo ndi ku Mlanda, kufupi ndi Lizulu, kumene anakula akusenza madengu a kachewere kupita nawo kumsewu. Anaphunzira zaunamwino pa chipatala cha mishoni, ndipo n'komwe achimwene anakagonekedwa ndi malungo, n'kutulukako malungo atachira koma atatenga nthenda ina yosamva jakisoni. Achimwene anabwera ku Toronto kudzaphunzira, akuti zaka ziwiri zokha. Koma mnzawo wa mu ofesi imodzi kwathu ku Malawi atanyamulidwa ndi galimoto ya boma osaonekanso, zaka ziwiri zija zinayamba kutanuka. Alamu anawatsatira mu 1973 ndi ana awiri, Joseph ndi Alice, akudzitama kuti munthu wa ku Lizulu saopa kuzizira. Januwale woyamba anawatseka pakamwa. Ine ndinabwera pambuyo pawo, ndipo tonse tinkakhala ku Scarborough m'nyumba zosanjikizana zija, iwo pamwamba, ine pansi pawo penipeni, moti ana akayamba kuthamanga ndinkadziwa kuti aweruka kusukulu.

Mapepala awo aunamwino kuno anawayang'ana ngati kalata ya ubatizo, yabwino koma yosagwira ntchito. Alamu sanakhale pansi kulira. Anayamba kusamalira okalamba m'makomo, ndipo mu 1977 bungwe limene linkawapezera ntchito linawatumiza ku Oakville, tauni ya anthu olemera m'mbali mwa nyanja, kwa mkulu wina wochokera ku Iran dzina lake a Ardeshir Mehrabi. Dzinali linawakanika tsiku loyamba lomwe. Atamva kuti mkuluyu anali nduna kwawo, anangoti a Nduna, ndipo tonse tinatengera pomwepo. A Ndunawo anali atachita sitiroko, mwendo wakumanzere ukukoka, ndipo mwana wawo amene ankakhala nawo, Dokotala Nasrin, ankachoka m'mawa kupita kuchipatala n'kubwera madzulo.

Alamu asanafike panadutsa azimayi awiri achizungu, ndipo onse anachoka akunena kuti nkhalambayo sidya. Ankaifunsa ngati ikufuna tiyi, iyo n'kuika dzanja pachifuwa n'kunena kuti ayi, musavutike, iwo n'kubweza kapu m'kabati. Alamu sanafunse. Kwathu munthu safunsidwa ngati ali ndi njala, kufunsa n'kumana. Ankangoika mbale patsogolo n'kuima pambali manja ali m'chiuno mpaka mbaleyo iyere. Posakhalitsa masaya a a Nduna anabwerera, ndipo Dokotala Nasrin anayamba kuuza anzake kuti Mulungu wawatumizira mngelo. Palibe anaganiza kuti mngeloyo sakudziwa kanthu za miyambo ya m'nyumbamo.

Nkhondo yawo inali pachitseko pokha. A Nduna sakanalowa mayi ali kumbuyo kwawo, alamu sakanatsogolera munthu wamkulu. Ankaima pamenepo, wina akuloza ndi ndodo, wina akuwerama, mpaka mphepo itadzaza m'nyumba. Potsiriza anagwirizana zolowera limodzi cham'mbali atakolowekana mikono ngati akwati.

Mbiri ya a Nduna tinaimva pang'onopang'ono, chifukwa alamu akafika madzulo ankatifotokozera uku akuvula nsapato. Anayamba ngati injiniya wa madzi, woyenda pa bulu m'midzi ya m'chipululu kuyeza zitsime. Kenako anakhala bwanamkubwa wa chigawo, kenako nduna ya zamadzi, n'kuchotsedwa, n'kubwezeredwa, kenako kazembe ku Ulaya. Pomaliza anakakhala m'nyumba ya malamulo ya akuluakulu, kumene, malinga ndi eni akewo, ntchito yaikulu inali kusinza mwaulemu. Mu 1975 mfumu ya dzikolo inalamula kuti pakhale chipani chimodzi, aliyense alowemo, wosafuna atenge pasipoti azipita. A Nduna anatenga pasipoti. Alamu atamva zimenezi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni, n'kuwauza kuti kwathu popanda khadi la chipani sukwera basi, sulowa mumsika, ndipo pasipotiyo sakupatsa n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo awiriwa ankaonana ngati anthu a mudzi umodzi.

Koma nkhani imene a Nduna ankaikonda sinali ya mipando. Inali ya akazi awo, mayi Pouran, amene anamwalira patangotha chaka chifikireni kuno. Anawasankhira ndi makolo, ndipo anaonana kamodzi kokha ukwati usanachitike, mtsikanayo atabweretsa tiyi n'kuwathira dala pa thalauza kuti aone ngati ndi munthu wa mkwiyo. Pa zaka zonse za undunazo, a Nduna asanakalankhule ku nyumba ya malamulo ankayamba ayeserera kunyumba, akazi awo atakhala pansi ndi kapu ya tiyi. Akanena bodza kapena akatalikitsa, mayiwo ankagogoda kapu ndi supuni, basi chiganizo chimenecho chafa. A Nduna ankati dziko lonse linkawaombera m'manja, koma iwo ankaopa supuni imodzi. Alamu anaikonda nkhaniyi mopitirira muyeso, ndipo achimwene anga, amene sadziwa kufupikitsa pemphero, anayamba kumva kugogoda kwa supuni pa tebulo lawo lomwe.

Tsopano tifike pa mphatso.

Chaka chatsopano cha anthu a ku Iran chimayamba mu Marichi, chipale chikamasungunuka, ndipo chisanafike amayeretsa nyumba yonse mpaka kuseri kwa makabati. Mu Marichi wa 1978 ntchitoyi inagwera alamu. Pabalaza panali kapeti yofiira ya maluwa abuluu, yosakula kwenikweni, yoyalidwa patsogolo pa mpando wa a Nduna. Alamu anaitulutsa pakhonde, anaikuntha ndi ndodo ya tsache monga tikunthira mphasa, ndipo poibwezera dzuwa linaimenya, mitundu yonse n'kudzuka. Anaima n'kugwira pakamwa. Ananena kuti chibadwire sanaonepo chinthu chokongola chotero.

A Nduna anaika dzanja pachifuwa, n'kuweramitsa mutu. "Ndi yanu. Si yoyenera n'komwe munthu ngati inu, koma tengani."

Ife tikudziwa tsopano, koma nthawi imeneyo sitinkadziwa. Anthu a ku Iran ali ndi mwambo umene amautcha taarofu. Ukayamikira chinthu cha munthu, mwini wake ayenera kunena kuti tenga, ndipo iwe uyenera kukana. Akakakamiza, ukanenso. Onse awiri mukudziwa kuti chinthucho sichichoka pamalo pake, mukungopatsana ulemu. N'chimodzimodzi ndi tiyi uja: munthu amakana kawiri katatu, akudikira kuti umukakamize. Koma kwathu munthu wamkulu akakupatsa chinthu, kukana n'kumutukwana. Alamu anagwada pomwepo, anaomba m'manja mofatsa, n'kunena kuti Mulungu abwezeretse pamene mwachotsa. Kenako anayamba kupinda kapeti.

Akuti pakamwa pa a Nduna panatseguka n'kutsekekanso. Munthu amene anakambiranapo ndi maboma za malire ndi mitsinje anasowa liwu limodzi loletsera mayi wa ku Mlanda. M'malo mwake anagwirizira chingwe ndi chala pamene alamu ankamanga mfundo, ndipo madzulo anawatsegulira okha chitseko. Tsiku limenelo pachitseko panalibe kulimbana.

Alamu anapota sikafu kukhala nkhata, kapeti pamutu, ulendo wa ku siteshoni. Azungu a ku Oakville ankachepetsa liwiro la galimoto kuti aonetsetse. M'sitima woyang'anira matikiti anafunsa ngati m'katimo mulibe munthu. Anafika ku Scarborough khosi lili gwa, nkhope ikuwala, ndipo usiku usanagwe panali patakhazikitsidwa lamulo lakuti wopondapo ndi nsapato asamuke. Joseph anayesa kunena kuti, "Mum, it's just a rug," ndipo anagona atamva mbiri yonse ya ana osayamika. Lamlungu titaweruka kutchalitchi anzathu a ku Malawi ndi a ku Zambia anadzaza m'nyumba kudzaona. Mayi Vainess a ku Chipata anaisisita ndi chikhatho, anaitembenuza kuona kunsi, n'kunena kuti iyi si ya mu shopu mwandi, iyi ndi ya m'banja. Tinaseka, osamva chimene akutiuza.

Ku Oakville zinthu zinayamba kusintha. Pamene panali kapeti panatsala thabwa loyererako, ndipo mpando wa a Nduna unkayang'ana pomwepo. Anayamba kukhalitsa kuchipinda. Mbale inayamba kubwerera ndi theka, kenako yosakhudzidwa. Alamu anasintha zophika, anakalipa, ananyengerera, anaima manja m'chiuno mpaka manja kutopa, koma ayi ndithu. Chodabwitsa n'chakuti ulemu wa a Nduna unachita kuwonjezeka. Ankayamikira chakudya ndi mawu aatali okoma, osachigwira. Nthano za mayi Pouran zinaleka. Alamu ankafika madzulo ali chete, ndipo kwa ife amene tikuwadziwa, chete wawo ndi woopsa kuposa mkuwe.

Mmawa wina Dokotala Nasrin anachedwa dala kupita kuntchito. Anathira tiyi yekha, anafunsa za ana, za achimwene, za nyengo, anazungulira mudzi wonse asanafike pakhomo. Kenako anafotokoza za mwambo uja. Anafotokozanso kuti kapetiyo inabwera ndi mayi ake tsiku la ukwati, pamodzi ndi mapoto ndi galasi. Iye ndi achimwene ake anakwawira pamenepo. Ndi pamenepo bambo ake ankaima poyeserera zokalankhula, ndipo ndi pamenepo mayi ake ankakhala ndi supuni ija. Pochoka ku Iran anasiya nyumba, munda wa zipatso ndi mabuku, poganiza kuti adzabwerera, koma kapeti yokhayo mayi Pouran anakana kuisiya.

Alamu anatiuza kuti anafuna pansi patang'ambika kuti alowe. Anaimirira n'kunena kuti mawa lomwe aibweza. Dokotala Nasrin anawagwira dzanja.

"Musayerekeze. Ine ndinawapempha kuti ndikuuzeni, anandiletsa. Akuti anasiya dziko lawo chifukwa chokana kusaina mawu amene sankawakhulupirira, ndiye lero avomere kuti ananena mawu opanda kanthu kwa mayi amene amawasamalira? Mukaibweza, sadzathanso kukuyang'anani kumaso."

Mlandu unali pamenepo. Kuisunga kunali kumupha munthu pang'onopang'ono, kuibweza kunali kumuvula pagulu.

Madzulo amenewo ndinamva kugogoda kwa chidendene padenga langa, chizindikiro chakuti ndikufunika kumwamba. Ndinapeza alamu atathamangitsa ana pa kapeti, iwo atakhala pansi pambali pake, maso ali psuu.

Atandiona anati, "Alamu, ndapanga blunder yoopsa. Munthu uja ndamu-robba masana dzuwa likuswa mtengo, iye akundigwirira chingwe."

Ine, monga munthu wanzeru za changu, ndinati tiinyamule pa galimoto yanga, tikaisiye pakhomo, tiimbe belu n'kuthawa. Alamu anafunsa ngati ndikuganiza kuti a Nduna akaiona adzati yabwera yokha pa sitima. Achimwene anayamba ndi kunena kuti safunsa anadya phula, ndipo anayang'anidwa mwa mtundu wina mpaka anakumbukira kuti ali ndi ludzu. Atabwerako kukhitchini anakhala pansi, anausa moyo, n'kunena mongodandaula kuti chikhala inali mbuzi bwenzi tangokaiikiza kwa munthu, ngati zawo zija zili kwa amalume ku Bwanje. Alamu anasiya kulira. Anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali, n'kunena kuti sukulu yonse ija yayamba kubala zipatso.

Kwa amene anakulira m'tauni: kwathu munthu amene ali ndi mbuzi koma alibe khola kapena msipu amakaisiya kwa mnzake kuti amusungire. Kumeneko ndiye kuikiza. Mbuzi imagona kwa wosunga, imadya kwa wosunga, koma mudzi wonse umadziwa mwini wake. Palibe wapatsa, palibe walanda.

Loweruka tinanyamuka pa galimoto yanga yokalamba, kapeti itatulukira pawindo. Alamu anavala chitenje ndi duku ngati akupita kubwalo la milandu, ndipo anandilamula kuti katunduyo atsale m'galimoto. A Nduna anatilandira atavala tayi, kolala ikuwakhwepa. Alamu anakana mpando. Anakakhala pansi pa thabwa loyerera lija, anatambasula miyendo, n'kunena kuti abwera ndi dandaulo.

Dandaulo lake linali lakuti kapeti yawo, imene anapatsidwa ndi munthu wolemekezeka, ikuzunzika. Nyumba ndi yaing'ono, ana ndi osamva, pokunthira palibe, ndipo amuna awo atayirapo kale tiyi. Izi za tiyi zinali zoona. Anafotokoza za kuikiza mbuzi, n'kumaliza kuti asakasaka mu Toronto monse munthu wodziwa kusunga kapeti yotere, ndipo apeza mmodzi yekha.

Ndinkayang'ana nkhope ya a Nduna. Anamva zonse mawu asanathe, ndinaona ndi maso angawa. Koma nkhalamba ija inali nduna ndithu. Inaika dzanja pachifuwa n'kunena kuti nyumba yake ndi yonyozeka, singasunge chuma chotero. Alamu, amene tsopano anali ataphunzira, anapemphanso. A Nduna anati akalamba, maso sakuona bwino, nanga njenjete zikalowa adzayankha chiyani. Alamu anapemphanso. A Nduna anakananso, ndipo ine ndinayamba kuganiza kuti tibwerera nayo. Dokotala Nasrin ataima pakhomo la kukhitchini anandiphethira diso kuti ndikhazike mtima pansi.

Kenako a Nduna anatsokomola, anakonza tayi, n'kuyamba kufunsa mafunso ngati ali pa msonkhano wa nduna. Anafuna kudziwa ngati mwini mbuzi angathe kudzaitenga tsiku lililonse. Alamu anati inde. Anafuna kudziwa amene amaweruza mbuzi ikadwala. Alamu anati amakambirana pachibale. Anafunsanso chimene wosunga amapindula.

"Mbuzi ikaswa, mwana mmodzi ndi wake," anatero alamu.

"Mayi, kapeti imeneyi ndakhala nayo zaka makumi anayi. Sinaswepo."

Dokotala Nasrin ndiye anayamba kuseka, ife n'kutsatira, ndipo a Nduna anaseka mpaka kutsokomola. Anakambirana za malipirowo mozama ndithu, ndipo anagwirizana kuti m'malo mwa mwana wa mbuzi wosunga azilandira mandasi Lachisanu lililonse. Pamenepo a Nduna anaika mfundo zawo. Yoyamba, mboni imve kuti kapetiyo ndi ya mayi Zelipa, iwo ndi mbusa chabe, ndipo mawu amene ananena tsiku lija akadali chiimire. Yachiwiri, mwini wake ndi banja lake lonse azibwera chaka chatsopano chilichonse kudzaona ngati chuma chawo chikusamalidwa. Mboniyo ndinali ine. Anandiimiritsa, ndinabwereza mawuwo dzanja lili m'mwamba, ndipo chibadwire sindinalumbirepo pa nkhani ya kapeti.

Ndinakaitenga kugalimoto, tinaiyala pamalo pake. A Nduna anakana kugwiridwa mkono. Anavula masilipasi, anakoka mwendo wawo uja mpaka pakati pa maluwa abuluu, n'kuima pamenepo atatsamira ndodo. Ife tinayang'ana kumbali, pakuti misozi ya munthu wamkulu sayang'anitsitsa. Atatembenuka anafunsa ngati m'nyumbamo muli munthu amene akuganizako zophika.

Chaka chimenecho chinali chokoma. Mandasi ankakwera sitima Lachisanu lililonse, masaya anabwerera, ndipo a Nduna akamalandira alendo a kwawo ankawachenjeza kuti apondepo bwino, mwini wake ndi mayi wovuta wa ku Africa. Mlendo akaiyamikira, ankaika dzanja pachifuwa n'kunena mwachisoni chonamizira kuti akanakonda kumupatsa, koma si yawo. Dokotala Nasrin ankati bambo ake sanasangalalepo ndi pangano lililonse la boma ngati mmene ankasangalalira ndi limeneli.

Kumayambiriro kwa 1979 boma la ku Iran linagwa, mfumu ija n'kuthawa. A Nduna anatsitsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Ankati popeza anakana chipani chija, palibe angawaletse kukafera kwawo, ndipo anayamba kale kuwauza alamu za mitengo ya makangaza imene adzawatumizire zipatso zake. Koma olamulira atsopano sanasiyanitse. Kwa iwo aliyense amene anakhalapo nduna anali wa boma lakale. Nyumba inalandidwa, munda unalandidwa, ndipo ena mwa anzawo a a Nduna anaphedwa. Sutikesi inabwerera pamwamba pa kabati.

Mu Marichi tinapita tonse monga mwa pangano, ana atavala zakutchalitchi. Patebulo panali tirigu womera m'mbale, maapozi, galasi ndi kansomba kofiira m'botolo, monga achitira pa chaka chawo. A Nduna anali ataondako, koma tayi ili m'khosi. Alamu anagwira ntchito yawo ya mwini chuma mosanyengerera: anazungulira kapeti, anatukula ngodya, ananunkhiza, n'kulengeza kuti mbusayu apitirize ntchito chaka china. A Nduna anaseka, anathokoza chifukwa chosachotsedwa paudindo kachiwiri. Kenako anayang'ana pansi pamene anaima, ndipo kuseka kunatha.

"Mayi Zelipa, nyumba atenga, munda atenga, manda a bambo anga sindidzawaonanso. Dziko langa lonse latsala apa pamene ndaimapa, ndipo naponso ndi pa eni."

Achimwene anayang'ana pawindo. Alamu, amene sanawaone mayi awo chichokereni ku Mlanda ndipo sankadziwa ngati adzawaonanso, anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku.

"Imani pomwepo, a Nduna. Mwini wake sathamangitsa munthu."

Anavula nsapato, anakakhala pansi pambali pa ndodo ya a Nduna, n'kutikodola kuti nafenso tibwere. Kapetiyo ndi yaing'ono, koma tinakwanapo tonse.